Miyendo inandikana pamaso pa apongozi

Mpaka lero ndikamva dzina la Utale, kumbuyo kwa ntchafu zangazi kumachita tsemwe.

Nkhani inayamba ndi amalume ake a Esinati, chibwenzi changa. Ataona chithunzi changa pafoni anangoti, "Miyendo ya adokoweyi ingapirire khasu?" Mawuwo anandiwawa (ine wogwira ntchito yokhala pampando ku Machinga Boma), ndipo Loweruka ndinkayenera kukaonekera kwawo ku Utale. Akanandikana amalumewo, ukwati ukanathera pomwepo.

Lachisanu ndinalowa mujimu ku Balaka. Wophunzitsa, a Yusufu, anandikhazika pamakina olimbitsa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu. Umakhala tsonga, miyendo yowongoka itasanjika pakhushoni, kenako umaipinda n'kukokera zidendene pansi pa mpando, zitsulo n'kumakwera.

"Achimwene, tiyambe ndi zopepuka," anatero. "Minofu imeneyi simunaidzutsepo."

"Iyayi, nthawi ndilibe. Mawa ndikufunika miyendo."

Atangotembenuka ndinatsitsa pini n'kuwonjezera zitsulo. Ndinakoka mpaka thukuta kulowa m'maso, ndikuganiza kuti minofu imatupa ngati mandasi m'mafuta. Ndinatulukamo ndikuyenda mwamatama.

Kutacha, ntchafu zinali zitauma gwa. Ndinafikabe ku Utale, n'kupeza amalume ndi amayi ake a Esinati atakhala pakhonde. Monga mkamwini woleredwa bwino, ndinanyonyomala chapatali n'kupereka moni. Kutsika kunatheka. Kudzuka kunakanika.

"Mpando uwo, bambo," anatero amalume.

"Iyayi, pompano pali bwino."

Dzuwa linandiwamba, nkhuku zinandizungulira, ine ndili chinyonyomalire. Amayi ananong'oneza mwana wawo kuti ulemu wotere sanauonepo. Esinati ankadziwa zajimu, choncho anangobisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Nditayesa kudzikankha mwakachetechete, minofu inakokana, ndipo ndinagwa chagada, nsapato zili m'mwamba.

Manyazi anandigwira, ndipo ndinaulula zonse ndili chigonere. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandidzutsa ndi dzanja limodzi.

"Ndiye mwadzipweteka chifukwa cha mawu anga aja? Munthu wovutikira mwana wathu chonchi sitimubweza. Miyendoyo tidzailimbitsa kumunda."

Kujimu ndinabwererako. A Yusufu anangobaya pini pachitsulo chopepukitsitsa, ine n'kuvomera. Kuthamanga sikufika. Ukwati uli m'masika, ndipo khasu langa amalume aliika kale mpini.