Mababu Omvera Foni

Lolemba

Katundu wochokera kwa achimwene ku Joni wafika. M'katoni muli:
- mababu atatu omvera foni
- kachipangizo konga theka la dzira, koyatsa getsi munthu akadutsa
- kapepala ka malangizo, zilembo zake ngati mazira a usipa

Cholinga n'chimodzi. Bambo ali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo mwezi watha anagwa pakhonde akupita kukatawaza m'bandakucha kuti apemphere. Kudzutsa munthu safuna. Ndiye getsi liziyaka lokha folo koloko: kuchipinda kwawo, pakhonde ndi kubafa.

Ndawafotokozera. Afunsa: "Lizidziwa bwanji kuti ndadzuka?"

Munthu amene wakalamba akugwira nyali panyanja kukopa usipa, lero za kuwala akumuphunzitsa ndine, mphunzitsi wa sitandade 5.

Lachiwiri

Mababu ndamangirira. Akufuna intaneti, ndipo intaneti m'nyumba muno ndi foni yangayi basi. Madzulo onse athera pomwepo. Loyamba lavomera. Lachiwiri lavomera. Lachitatu likuphethira ngati lagwa chitsotso m'diso.

Ndikadina, chipinda cha bambo chikusintha: chofiira, chobiriwira, chapepo. Mkazi wanga, mayi a Asiya, aima pakhomo: "Chipinda cha apongozi mwachisandutsa holo ya ukwati?"

Ndabwezera choyera. Ndikugona wonyada ndithu.

Lachitatu

Silinayake.

Mayi a Asiya anathimitsa pakhoma pogona, monga achitira chikwatiranire. Babu lanzeru ukalithimitsa pakhoma, nzeru zake zonse zimathera pomwepo. Bambo apita mumdima, akupapasa khoma. Sanadandaule. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko.

Ndamata selotepi pa maswichi onse atatu. Ndalembapo OSAGWIRA. Mayi a Asiya awerenga, andiyang'ana, apitiriza kupeta mpunga.

Lachinayi

Layaka! Folo koloko ndendende. Ndathamangira kuchipinda kwa bambo. Ndawapeza atakhala pamkeka, ndevu zili zonyowa. Anapita kale n'kubwerako.

"Wotchi yanga ndi chikhodzodzo, mwananga. Sichifunsa foni."

Chabwino. Pobwera kusukulu ndakhomera kachipangizo kaja pakhonde. Amene kawayatsira getsi pofika nthawi yogona:
- mphaka
- mbuzi ya aneba, kawiri
- chitenje cha pachingwe, mphepo itawomba
- ine, pokaona chimene chayatsa

Bambo adutsa kupita kubafa. Mdima bii. Adutsanso pobwera, chimodzimodzi. Amayenda pang'onopang'ono kwambiri moti kachipangizoka sikakuwawerengera ngati munthu. Ndakhala pakhonde nthawi yaitali ndikuganiza zimenezi. Kodi anayamba liti kuyenda chonchi? Ine ndinali kuti?

Lachisanu

Pochokera kumzikiti masana tinaona nkhungu ya tizilombo touluka itaima panyanja ngati utsi. Mphepo yatembenuka, madzulo yatipeza. Getsi lowala kuposa onse m'mudzi muno ndi lathu, ndiye yonse yathera pakhonde pathu. M'maso, m'mphuno, m'tiyi.

Azimayi a kuseri abwera ndi malichero onyowa, akukupiza, akuwola ndiwo. Akamakupiza, kachipangizo kakuyatsabe getsi. Getsi likamayaka, nkhungu ikubwerabe. Ndayesa kuthimitsa pafoni, netiweki palibe. Pakhoma pali selotepi yanga yomwe.

Bambo akuseka mpaka kutsokomola, koyamba chigwereni. "Nyali yako imakoka. Ukanangoiyika pabwato."

Loweruka

Dzulo titagona magetsi anazima. Atabwera, cha m'ma wani koloko, mababu onse anayaka okha. Akuti ndi mmene anawapangira. Ine sindinamve kanthu.

Bambo ataona kuwala anadzuka, anakatawaza, anavala mkanjo, n'kukhala pamkeka kudikira azana, kuitana kwa kumzikiti. Maola atatu. M'mawa ndawapeza akusinza chokhala, miyendo itatupa.

"Bwanji simunagonenso, bambo?"

"Ndimati getsi lako silinama."

Ndiye kuti sabata yonseyi, uku akundiseka, anali atandikhulupirira. Tsiku lonse foni sindinaigwire. Mayi a Asiya awathowa miyendo ndi madzi ofunda, osanena kanthu za mababu. Ndikuwathokoza chamumtima.

Lamulungu

Bambo aitanitsa chingwe chakale cha khoka lawo, chimene chakhala kudenga zaka zambiri. Amanga okha, kuchokera pakhomo pawo, kudutsa pakhonde, mpaka pamtengo wa bafa, msinkhu wa m'chiuno. Mfundo imodzi pamene pali sitepe. Ziwiri pokhota. Zala zawo sizikufuna maso. Ine ntchito yanga yangokhala kugwira uko akumanga uku.

Mababu wamba ndabwezeramo. Mayi a Asiya amatula selotepi, akuimba. Anzeru aja ali m'katoni pansi pa bedi, kupatula lachitatu lija limene lakana kumasuka kubafa. Likuwala chapepo, ndipo liziwala choncho.

Achimwene aimba kufunsa ngati zikuyenda. Ndati bambo sanagwenso. Si bodza.

Madzulo, poganiza kuti palibe akundiona, ndatsinzina n'kugwira chingwe. Mfundo imodzi, ndatsitsa phazi. Ziwiri, ndakhota. Ndafika kubafa osapunthwa. Potsegula maso, bambo ali pampando wawo, khutu atatchera kuno.

"Wafika?"

"Ndafika, bambo."

"Eya. Chimenecho usachikonze."