Bwato la a Banda pa Misa

Lolemba

Abambo, ansembe athu, akubwera Lamulungu kudzayesa ana anga a katekisimu. Ulendo watha anapukusa mutu, akuti ana a kunyanja kuno amangoloweza osadziwa chimene akunena. Akalepheranso, Ukaristia woyamba ndi chaka chamawa, ndipo manyazi ake ndi anga.

Ndiye ndaganiza: sewero! Nkhani ya Petulo ndi nsomba zodzaza ukonde. Zofunika:
bwato (makatoni a sopo, ndapempha kugolosale)
ukonde (neti yanga ya udzudzu)
nsomba (za mapepala, ndidula ndekha)
ana khumi ndi awiri.

Khumi ndi awiri ati? Chiyambire sukulu yaulere, ukaitana ana khumi umabwera mudzi wonse.

Ndikuloza Dominiko kuti akhala Yesu. Kalasi yonse: "Ayi Madamu, zosankhiridwa zinatha! Tivota!" Tikuvota. Wapambana Filomena, mtsikana wamtali wa Sitandade 4, wa mawu ngati belu. Dominiko akhala Petulo. Ana a masiku ano!

Lachiwiri

Nsomba zanga ndadula bwinobwino, ndi maso omwe ndajambula. Ana akuzipatsirana, akuseka mpaka kugwa. "Madamu, ichi ndi chambo kapena mbatata?" Ine wa ku Chitala, ndinakulira m'minda ya chimanga. Nsomba ndimaidziwa ili m'mbale.

Dominiko sakunena mawu momwe ndalembera. Akafika poti tachezera osapha kanthu, akuwonjezera zake: "chifukwa kunali mwezi." Ndikumuuza kuti m'buku mulibe za mwezi. "Ndiye kunali mphepo ya mwera, Madamu. Msodzi sabwera chimanjamanja popanda chifukwa."

Neti yang'ambika. Yakobo ndi Yohane amalimbirana.

Lachitatu

Akatekisi a Mbewe amva. Afika pa njinga, thalauza atalipisira mu sokosi. "Yesu wa diresi? Madamu, mpingo si chipani." Akumuchotsa Filomena.

Ana onse akutuluka, akukakhala pansi pa mango, phee. Sitalaka! Sindingawadzudzule, aonera ife akuluakulu.

Akatekisi akuitana anyamata atatu, mmodzimmodzi, kuti anene mawu a Yesu. Woyamba akulira. Wachiwiri akuyamba Atate Athu. Wachitatu wapempha kukataya madzi, mpaka pano sanabwere. Filomena akuimirira pomwepo pansi pa mango, akunena zonse, ndi za Petulo zomwe.

Akatekisi akukwera njinga yawo. "Mumuveke nsalu yoyera mpaka kumapazi. Ine sindinaone kanthu."

Chigoli!

Lachinayi

Pazenera paima munthu. Ndi a Banda, bambo ake a Dominiko, msodzi. M'tchalitchi sanapondemo chibatizire mwanayu. Akuyang'ana, akuyang'ana, kenako akulowa osaodira n'komwe.

"Pepani Madamu, koma mwana wanga sangaponye ukonde chonchi pamaso pa anthu. Kudoko ndikayenda bwanji ine?"

Akuyesa bwato langa ndi phazi. Laphwasuka. Ola lathunthu akuphunzitsa atumwi kupalasa ndi kukoka, akuwayimbitsa nyimbo yokokera. Ine ndaima pakona ndi pepala langa ngati ndabwera kudzafunsa malo.

Koma ana sanathawepo ngakhale mmodzi. Zimenezi sizinachitikepo.

Lachisanu

Bwato lenileni, ndi ukonde womwe! Amuna asanu ndi mmodzi alisenza kuchokera kudoko, sukulu yonse ikuwatsatira, makalasi angotsala ndi aphunzitsi. Pakhomo la tchalitchi silikulowa. Akuyesa cham'mbali, ayi. Wina akuti tingozula chitseko ndi felemu yomwe. Ahedi akubwera akuthamanga, tayi ili kumsana.

Chigamulo: sewero lichitikira panja. Ndiye kuti ndi Misa yomwe panja. Palibe wandifunsa.

Zotsala pa pulani yanga:
mutu wa sewero.
Basi.

Loweruka

Amayi a mphakati afika ndi matsache. Akuti nsomba za mapepala n'chipongwe kwa Abambo, mawa abwera ndi utaka wa m'mawa womwewo.

Kuyeserera komaliza sikukuyenda. Asodzi akukangana ngati ukonde wa Petulo unali chilimira kapena matchera, mbali zonse zikufuna ine ndiweruze. Ndikuti ndikafunsa. Filomena wakhala akukuwa pamwamba pa mkanganowo ndipo wasasa mawu. Yesu wonong'ona! Ndikumufinyira mandimu m'madzi ofunda, ndikumuuza asalankhule ngakhale ndi mayi ake.

Kolona ndapemphera yonse. Sindikupempha zambiri, mawu a mwanayu okha.

Lamulungu

Anthu! Bwalo la sukulu ladzaza. Abambo akutsika pa njinga yamoto, akundifunsa ngati asokera kumsonkhano wa chipani. Amuna amene sindinawaonepo pa Misa akhala kutsogolo, akuti akulondera ukonde.

Mawu a Filomena abwerera, akumveka mpaka kumsewu. Atumwi akukoka, akukoka, ukonde ukutuluka m'bwato uli tho ndi utaka. Nthungululu! Dominiko akugwada. Tikufika poti asiya zonse kutsata Yesu, a Banda alephera kupirira: "Iwe Dominiko, ukonde wonyowa sasiya chounjika choncho!" Petulo akubwerera, akuuyanika bwinobwino, Yesu waima akudikira. Abambo avula magalasi, akupukuta misozi.

Mafunso tsopano. Abambo akuloza Dominiko: "Petulo anagwadiranji?"

"Ankaidziwa nyanja, Abambo. Dzuwa litakwera choncho nsomba sizibwera. Anadziwa kuti amene wakwera bwato lakeyu si munthu wamba."

Abambo akufunsa ena asanu, onse akuyankha osayang'ana pansi. Akutseka buku. Ana onse alandira Ukaristia mwezi wamawa. Onse!

Pothokoza atchula akatekisi a Mbewe chifukwa cha maganizo atsopano, ndi a Banda chifukwa cha bwato. Dzina langa silinamveke. Chabwino. Ndatsala ndikutolera mabenchi, diresi yanga ya pa Misa ikununkha utaka.

A Banda akudikira anzawo atalikire ndi bwato. Akubwera, chipewa chili m'manja, mawu ali pansi.

"Madamu, nanga akuluakulu amaphunzira liti? Ine ndi mayi a Dominiko ukwati wathu sunadalitsidwe."

Kalasi ya akuluakulu kuno kulibe. Masana a Lachitatu ndi okhawo amene ndimachapa zovala zanga.

Ndawauza kuti Lachitatu.