Wondipondera Buleki

Lolemba
Uthenga wafika kuchokera ku Ntcheu. Lamulungu ndikapezeke kumeneko, tikakambe za Nachisale, mkazi wanga. Anapita "kukaona amayi" chimanga chisanakololedwe, mpaka lero akuwaonabe. Malume ake akuti ndikapanda kufika, nkhani yatha.

Minibasi ayi! Tsiku laukwati ndinamutengera pa galimoto iyi, ndikamutengeranso pomwepa. Vuto ndi mabuleki akumbuyo. Ukaponda, galimoto imayamba yaganiza kaye, ndipo mitsetse ya ku Dedza sifuna zoganizaganiza.

Zogula:
mashu atsopano a mabuleki
masilinda a m'mawilo
mafuta a mabuleki
buledi, m'nyumba mulibe kanthu

Lachiwiri
Galimoto ili pa njerwa. Dramu ya buleki yakumanzere yakakamira ndi dzimbiri. Hamala. Hamala. Yachoka, yagwera pachala chaphazi. Mayo! Ndakuwa mokweza, kenako ndadikira kuti wina afunse kuti chachitika n'chiyani. Nkhuku ya eni nyumba yokha ndiyo yasuzumira.

Ndamasula mbali zonse ziwiri, kuti ntchito ifulumire. Nzeru!

Lachitatu
Nzeru zake ziti? Masipuling'i ali mbwee m'beseni, aatali, aafupi, ena opindika ngati mbedza. Iyi ikolowekedwa pati?

Ndapita kwa makaniko wa ku Biwi. "Bwana, timamasula mbali imodzi kaye, inayo timaonerapo." Akuseka, anzake akusekanso. Wandijambulira ndi kamtengo padothi momwe masipuling'i amakhalira. Ndabwera nazo m'mutu mpaka ku Kawale, theka zatayikira panjira.

Sipuling'i imodzi yathawa m'pulayala, yauluka kudumpha mpanda. Amayi a kuseri akuti: "Muziuza mkazi wanu wachiwiriyo asamatigende." Dzina limeneli ndi la galimoto yangayi, anayambitsa ndi Nachisale. Kawale yense akulidziwa.

Lachinayi
Zonse zalowa! Mashu atsopano, masilinda atsopano, dramu yatsekeka. M'beseni mwatsala kachitsulo kamodzi. Sindikukadziwa, nakonso sikakundidziwa.

Ndakhala pampando, ndaponda buleki. Phazi lalowa mpaka pansi, fwaa, ngati ndaponda nthochi. M'mapaipi mwalowa mpweya. Kuutulutsa ndimadziwa: wina akhale m'galimoto azipopa n'kugwira, wina agone pansi azimasula kanati kuti mpweya utuluke.

Anthu awiri. Ndinaiwala zimenezo.

Lachisanu
Ndapempha abambo Mbewe, eni nyumba. Munthu wabwino, koma aliyense wodutsa ayenera kupatsidwa moni. Ine ndili pansi ndamasula kanati, ndikukuwa kuti gwirani, iwo achotsa phazi, atuluka. "Mwaswera bwanji, amayi? Nanga odwala aja?" Mpweya wonse wabwerera, wabwera ndi abale ake.

Atopa. Akuti bondo.

Nachisale ankagwira mpaka nditanena. Ankakhala pampandopo akusadzula masamba m'lichero, akundinyoza, koma phazi osasuntha. Zaka zonsezi sindinanenepo zikomo. Ndamusowa, basi, ndalemba.

Loweruka
Aliyense ali ku ukwati ku Chilinde. Ndayang'ana mayina m'foni: ogulitsa matayala, wa mabatire, owotcherera. Woti ndingamuuze kuti bwera udzangokhala pampando, palibe.

Zomwe ndayesa:
mpini wa khasu, kutsamiritsa kumpando (waterereka)
njerwa (yagwa)
kuponda ndekha n'kuthamangira kumbuyo (ndagwa ndine)

Mafuta a mabuleki atha. Ena ali m'maso, ena m'malaya amene ndinasita kuti ndikavale mawa. Mawa m'mawa ndigula mafuta ena, ndiyesanso kamodzi kokha, zikakanika ndikwera minibasi.

Lamulungu
Kamodzi kaja kafika masana. Ndatulukira pansi pa galimoto anthu akuweruka ku mapemphero achiwiri kutchalitchi. Ku Ntcheu akhala pamphasa, adikira, abalalika.

Foni. Nachisale.

"Simunabwere." Ndayamba kufotokoza za masilinda, za mpweya, za abambo Mbewe. Wamvetsera mpaka kumapeto, osandidula ngati kale.

"Ndiye akukuponderani ndani?"

Ndati palibe.

"Mukanangobwera wapansi," watero, n'kudula.

Ndabwezera matayala, ndatsitsa galimoto pa njerwa, ndaitsuka. Ikuwala bwino. Ndakhala pampando wa Nachisale uja, ndapopa, ndagwira. Ndikugwirabe. Pansipo palibe woti andiuze kuti siyani.