Chitseko Changa Chimene Mukumwerapo Khofi

Kwa a Wapampando,
Komiti Yokongoletsa Dera la Silverloom Quarter,
Cape Town.

Bwana Wapampando olemekezeka,

Ndavula chipewa ngakhale simukundiona. Ndine Jerome Gwedeza, wopenta nyumba, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndimakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yomwe inali ya Anti Olive, mu msewu wanu wa maluwa uja. Nkhope yanga mukuidziwa. Ndine uja chithunzi chake chinazungulira pa gulu lanu la pa foni, kuti pa geti paima munthu wokayikitsa. Geti lake linali lolowera kwanga, bwana, ndinkafufuza kiyi m'thumba.

Ndinalembera kale ku ofesi kwanu, ndipo makina anu anandiyankha mwaulemu kuti uthenga wanga ndi wofunika kwambiri. Kufunikako kunathera pomwepo. N'chifukwa chake ndalemba poyera, m'chinenero cha kwathu. Womasulira sakusowani, pakuti alonda anu ambiri ndi abale athu.

Nkhani yanga ndi ya chitseko. Koma munthu woleredwa bwino amayamba wathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa chotiyeretsera dera. Ndikufika kuno, msewu uno unkanunkha ngalande, magetsi a mu msewu anali ongokongoletsa mitengo, ndipo apolisi ukawaimbira ankafunsa ngati munthuyo wafa kale kuti asadzivute. Tinkakhalamo choncho. Matsotsi akalowa pa nyumba ina, amayi ankamenya zivindikiro za mapoto, ife n'kutuluka ndi mafosholo. Lero taonani! Mitengo ili m'miphika, agalu avala majuzi, anthu akuthamanga popanda wowathamangitsa. Aneba anga akale mwawathandiza kuona dziko: ena ali ku Kraaifontein, ena ku Gugulethu, ena ku Joe Slovo Park. Amalawira sitima ndi mataxi kudzakolopa nyumba zomwe ankagonamo, ndipo amati sasochera chifukwa zipinda akuzidziwa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha buledi. Pa kona panali kashopu kogulitsa buledi wa theka, ndipo ukasowa ndalama ankakudikira mpaka Lachisanu. Pano pali shopu ya magalasi yogulitsa buledi wowawasa, wolimba ngati njerwa yootcha. Ndinalawapo kamodzi. Mano anga akuthokoza kuti mtengo wake sundilola kubwereza.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha miphika ikuluikulu ya simenti yomwe mwatseka nayo kanjira kolowera kuseri kwathu. Ndi yokongola, eetu. Kungoti lole ya a Wahabu, omwe amatinyamulira katundu kupita naye ku Malawi, siingalowenso mu mpanda. Katundu timayenera kumutulutsa, n'kumuika m'mbali mwa msewu. Apa ndi pomwe payambira mavuto anga.

Ndiloleni ndikufotokozereni za chitsekocho, popeza inu mumangochionera pamwamba. Chinali cha kutsogolo kwa nyumba ya Anti Olive, mayi wachikulire wobadwira mu msewu uno, yemwe anandisunga pa lendi ngati mwana wake. Ndi chitseko cha thabwa lakale, cholemera moti amuna awiri amachinyamula akubuula, chachitali, chotakata, chili ndi magalasi ofiira ndi obiriwira pamwamba. Akuba anachitema ndi chitsulo kangapo konse, koma sichinagonje. Akachitema ndinkachikonza ndine. Kukongola kwanu kutakweza msonkho wa nyumba, Anti Olive analephera kulipira, anaganiza zogulitsa nyumbayo ku kampani ya anzanu n'kukakhala kwa mwana wawo. Asanasaine chilichonse anandiitana, nandiuza kuti ndichichotse, ndiikepo chotchipa, chifukwa sakufuna chitseko cha bambo awo chikathere mu bini. Anati ndipite nacho kwathu chikatseke nyumba ya anthu.

Nthawi imeneyo n'kuti mkazi wanga Selina akuyang'anira ntchito yomanga kanyumba kathu kumudzi. Mmisiri wathu, a Wilkins, manambala a pa foni sawakhulupirira. Ndiye ndinatenga chingwe, ndinayeza kutalika ndi kutakata kwa chitseko, ndinamanga mfundo, n'kupatsira a Wahabu. A Wilkins atatambasula chingwecho anafunsa ngati tikumanga nyumba kapena tchalitchi. Selina anawauza kuti atsate mfundo, asatsate maganizo awo. Anatsatadi mfundo. Nyumba inatha, malata anakhomedwa, pakati pa khoma n'kutsala khomo loti ngolo ingathe kulowa.

Inu anthu ophunzira mumayamba mwamanga nyumba kenako n'kugula chitseko. Ife tinayamba ndi chitseko. Sekani, bwana, kwathu nako akuseka. Nyumba yanga anaipatsa dzina loti ku galaja. Selina amatseka ndi lata, n'kutchinjiriza ndi mtondo. Mbuzi za aneba zimalowa ngati zalipira lendi. Khomolo linayang'ana komwe kumachokera mvula, ndipo mvula yayandikira. Mkatimo mumagona Selina ndi ana athu aakazi, Ulemu ndi ang'ono ake, m'mudzi momwe aliyense amaganiza kuti nyumba ya munthu wa ku Joni ili ndi chuma.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha Loweruka lanu loyeretsa dera. Tsiku limenelo a Wahabu anandiimbira kuti afika. Ine, ndi uchitsiru wanga, ndinaiwala kuti a Wahabu akati afika ndiye kuti akukweza katundu ku Gugulethu. Ndinachikuta chitsekocho ndi makatoni ndi pulasitiki yakuda, ndinachimata ndi tepi, ndinalembapo ndi penti yoyera kuti Selina Gwedeza, Ntcheu, zilembo zoti wakhungu akhoza kuzipapasa. Tinachiimika pa khoma kunja kwa geti. Nditaona kuti lole ikuchedwa, ndinathamangira kukamaliza kaganyu ka kuseri kwa msewu. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Pobwerera ndinapeza khoma lokha.

Ndinamva kuti anabwera anthu anu odzipereka, atavala malaya ofanana ndi magolovesi, akujambulana. A Brown, omwe kale anali aneba anga ndipo pano ndi mlonda wanu, anayesa kuwauza kuti katunduyo ali ndi mwini. Anthu anu anawathokoza chifukwa chokonda dera lawo, n'kuwapatsa thumba la zinyalala kuti agwire. Ndi anthu osamala zedi. Pulasitiki anaika kwa mapulasitiki, makatoni kwa makatoni, dzina la mkazi wanga linapita limodzi ndi mabotolo. A Brown omwewo ndiwo anandinong'oneza kuti ndikasuzumire ku malo omwera khofi a komiti yanu.

Chachisanu, ndipo apa ndagwada maondo onse awiri, zikomo chifukwa cha ulemu womwe mwachipatsa chitseko changa. Ndinachipeza chitagona chagada pa miyendo yachitsulo, pakati pa chipinda, nyale zikuchiwalira. Chasanduka tebulo. Anthu achizungulira ndi makompyuta awo, makapu ali pomwe pankagogoda alendo a Anti Olive. Ine ndinachipenta bwinobwino kuti chikafike kwathu chikuoneka chatsopano, inu mwachipala kuti chioneke chakale. Pambali mwakhomapo kachitsulo konena kuti ichi ndi chitseko chopulumutsidwa ku dera lakale. Ndinafunsa kuti chinapulumutsidwa kwa ndani. Kenako ndinazindikira kuti ndi kwa ine.

Mayi woyang'anira malowo anandilandira ndi nsangala. Anandisisitira zipsera za chitsulo zija, nandifotokozera kuti zimenezi zimasimba mbiri ya anthu olimba mtima omwe ankakhala kuno. Ndinamuuza kuti mmodzi mwa anthuwo akadalipo, waima patsogolo pake, ndipo akufuna chitseko chake. Anagwira pamtima, nanena kuti nkhani yanga yamukhudza kwambiri, ndipo anafunsa ngati ndingalole kuti aisindikize pa khoma pamodzi ndi chithunzi changa. Za chitseko anati zili m'manja mwa komiti. Kenako anandipatsa khofi waulere, m'kakapu konga komwetsera mwana mankhwala, wowawa, wopanda shuga. Ndinakhala pansi n'kumwera pa chitseko changa. Ndinakwiya, bwana. Mpaka lero ndikadali wokwiya.

Ndikudziwa kuti kutola si kuba. Kwathu nako timatero. Koma wotola akamva mwini akulira, amabweza.

Chachisanu ndi chimodzi, zikomo chifukwa cha mtima wanu wopatsa. Mayi uja ananditumira uthenga kuti komiti yalola kundigulira chitseko chatsopano ku sitolo, cha makono, chopepuka. Ndinapita kukachiona. Chitati chiikidwe pa khomo langa, mbuzi ingalowe pambali osaweramitsa nyanga. Mudzati bwanji osangochepetsa khomolo, njerwa sizikusowa. N'zoona, a Wilkins akhoza kutero, ndipo angasangalale chifukwa ananena kale. Koma munthu akakutengera ng'ombe n'kukupatsa mbuzi, sumachepetsa khola n'kupita kukathokoza.

Palinso china chimene komiti yanu singachione ili pa khonde la pamwamba. Selina anauza mudzi wonse za magalasi ofiira ndi obiriwira. Anasonyeza amayi a ku mpingo chithunzi chake. Wadikira lole iliyonse ya a Wahabu, ndipo iliyonse yatsitsa mafiriji ndi njinga za anthu ena. Sabata yatha pa foni sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti: "Bambo a Ulemu, anthu akuti mwina kumeneko munakwatira, chitsekocho chikutseka nyumba ya mkazi wina. Ndiwayankhe chiyani?"

Ndiye ndimuyankhe chiyani, bwana? Ndimuuze kuti chili bwino, chikumwerapo khofi anthu olemera? Ku Ntcheu palibe angakhulupirire zoti munthu wa ndalama zake, wokhala ndi nyumba zosanjikizana, angatole chitseko mu msewu kuti azidyerapo. Bodza la mkazi wachiwiri likumveka lanzeru kuposa zoona zanuzi. Ndikatumiza chopepuka chija, Selina adzachiyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti anthu ananena zoona. Banja langa lapirira zaka zonsezi za pa foni, ndipo ndikuopa kuti litha chifukwa cha tebulo.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba ndamva, koma choti nditsekule chili kwa inu.

Sindikupempha kachipinda kanga. Kampani ya anzanu yandiuza kuti chaka chikamatha ndikhale nditatuluka, ndipo ndituluka mwaulemu, ndipentanso khoma ngati mufuna. Sindikupempha kuti mubweze aneba anga, kapena kashopu kaja, kapena kuti agalu avule majuzi. Msewu ndi wanu, mwaugula.

Pempho langa ndi laling'ono. Lole yomaliza ya a Wahabu mvula isanagwe inyamuka Loweruka likubwerali. Chonde uzani alendo anu anyamule makapu awo pang'ono, mumasule miyendo yachitsuloyo, ndi yanu, sungani. Kachitsulo konena za chipulumutso kaja nako sungani. Chitseko muchiimike pa khoma pomwe munachitola, ine ndikhala pomwepo nditachigwira mpaka lole ifike.

Koma ngati komiti yaona kuti dera lingasowe mbiri, musavutike. Ndakambirana ndi a Wahabu, ndipo akuti kutsogolo kwa lole mpando ulipo. Mukwere inuyo, bwana, mukaime pa khomo langa ku Ntcheu mpaka mvula ithe. Selina adzakupatsani madzi osamba ndi chakudya, ndi mayi wa ulemu wake. Ndakhala ndikupenta ndi kukonza zitseko moyo wanga wonse, ndipo pa ntchito yotsekera anthu kunja sindinaonepo chokuposani.

Ine wanu wogwada, wokayikitsa wa pa geti,

Jerome Gwedeza
Kuseri kwa nyumba yomwe inali ya Anti Olive