Batire m'thumba la kachewere

Lolemba

Loweruka tikuvundukula chiliza cha bambo. Ntchito tagawana: amalume mbuzi, alamu nkhuni, achimwene a ku Joni mwala ndi simenti. Ine andipatsa mbiri ya malemu, ndilembe pa kompyuta, ndisindikize, ndikawerenge pamaso pa anthu. Akuti ndine wophunzira. Kuphunzira kwake ndi kosi ya kompyuta ya miyezi itatu ija ya pa boma.

Laputopu ndi ya achimwene, yatsogola pa basi, eni ake afika Lachisanu. Uthenga wawo wa pa foni ndi wautali, koma za bambo mulibe. "Mlongo, batire la makina amenewo kumudzi silipezeka. Ulisamale." Malamulo ake:

1. Ukalumikiza ku magetsi, batire uchotse, likadya mopitirira limatupa.
2. Ulichotse lili theka, losakhuta komanso losamva njala.
3. Ulisunge pozizira, pouma.

Pozizira ndi pouma pakhomo pano ndi m'chipinda cha kachewere. Ndalikulunga m'kachitenje kakale, ndamanga ndi luzi, ndalikwirira m'thumba la pakona kuti ana asaliseweretse. Sindiuza munthu. Ndine wosamala ine.

Lachiwiri

Amayi ali pamkeka, akunena, ine ndikulemba. Poyamba akudodoma, kenako zikungotuluka. Zina sindinazimvepo chibadwire. Bambo anapita ku migodi atasiya amayi ali ndi pathupi pa achimwene. Kumeneko anasiyako chala. Makalata awo ankawerenga ndi aphunzitsi chifukwa amayi sadziwa kuwerenga, ndiye mawu okoma bambo sakanalemba. M'malo mwake ankajambula kanjinga pakona pa pepala, kutanthauza kuti ndikubwera. Kanjingako anajambula zaka zisanu ndi ziwiri.

Dzuwa lili paliwombo, magetsi thi. Laputopu nayo thi, nthawi yomweyo. Masamba awiri, osaseva.

Amayi: "Ndiye mawu anga apita kuti?"

Sindikudziwa, amayi. Pa kosi sanatiuze.

Batire lili bwino.

Lachitatu

Kuyambiranso. Amayi akuti, "Ndine wailesi ine, yobwereza nkhani?" Ndawapangira tiyi wa mkaka, ayamba.

Lero ndikuseva mzere uliwonse, mpaka chala kuwawa. Azakhali afika ndi zokonza zawo. Akuti chala chinali cha kumanzere. Bambo sankamwa, ankangolawa. Zoti iwo ndi amene analera achimwene zilowe, makamaka poyambirira.

Masamba asanu ndi limodzi. Pa lomaliza bambo akutsika basi pa Tsangano ndi njinga, makina osokera ndi chifuwa chomwe sichinawasiye. Ndalira pang'ono, amayi ayang'ana kumbali.

Mtima ukundiuza kuti ndibwezeremo batire. Ndawerenganso lamulo loyamba, ndausiya mtimawo. Mawa ndikasindikiza.

Lachinayi

Chimphepo. Magetsi kulibe chiyambire m'mawa, akuti mtengo wagwera nthambo kumtunda uko, okonza abwera akabwera. Sindikudandaula, si batire lili theka? Ndikulowa m'chipinda cha kachewere ndikuimba nyimbo.

Pakona palibe thumba. Palibe thumba lililonse, pali tsache.

Ndili ku mjigo m'mamawa, amayi agulitsa kachewere yense kwa anthu a lole ya ku Limbe kuti tipeze mpunga wa alendo. Matumba asokedwa pompo, akwezedwa, apita.

Amayi: "Unandiuza kuti wabisamo chuma? Anzako amabisa m'sutikesi."

Tsono zilipo ndi izi:
mbiri ya bambo, yotsekeredwa m'laputopu;
laputopu, yopanda moto;
moto wake, uli pa msewu wa ku Blantyre pakati pa kachewere.

Ndakhala pansi pakona pomwepo. Kukuzizira bwino, pouma. Malo ndinasankha abwino.

Lachisanu

Zomwe ndayesa:

Foni ya dalaivala wa lole. Siikupezeka.

Sola ya kometera tsitsi. Nkhungu yatseka chiyambire dzulo, mwini wake wameta munthu mbali imodzi n'kumuuza kuti abwere mawa.

Jenereta ya koonetsera mpira. Yalira, laputopu yayaka, dzina la bambo ndaliona ndi maso angawa. Kenako fungo la pulasitiki, tchaja yapsa. Mwini jenereta akuti, "Imatero ikatenthedwa, achemwali."

Ndayesa kulemba ndi bolopeni zomwe ndikukumbukira. Zaka zasokonekera, chala sindikudziwanso kuti ndi cha dzanja liti. Amayi ali pakati pa alendo ndi miphika, sangakhale pansi.

Achimwene afika madzulo. Moni wawo: "Batire?"

"Lili pozizira."

Agwedeza mutu mokhutira. Ndafa ine.

Loweruka

Anthu adzaza. Nyimbo, pemphero, nsalu yachotsedwa, mwala wokongola. Abusa aitana mwana wa malemu kuti awerenge mbiri.

Ndaima ndi kapepala kanga. Anabadwa. Anakwatira. Anapita ku Joni. Anabwerako. Anadwala, anatisiya. Kanjinga kaja kali pakhosi, koma ndikudziwa kuti ndikakatchula ndilira, ndipo kapepalaka n'kosakwana kubisalapo. Ndakhala pansi.

Abusa akudikira, akuyesa ndikutembenuza tsamba. Amalume, mokweza: "Basi?" Azakhali kwa mnzawo: "Kosi ija inali ya chiyani?"

Amayi ayang'ana pamwala. Masiku awiri anatsegula mtima wawo pamkeka paja, ine ndawabwezera mizere isanu. Manyazi ngati awa sindinawaonepo.

Lamulungu

Alendo apita. Tikuchokera ku tchalitchi, lole yaima pamsewu. Dalaivala akubwera ndi jumbo ataikoleka kunsonga kwa ndodo, kutali ndi thupi. Akuti mayi amene anagula thumbalo ku Limbe atapeza kanthu kakuda komanga m'chitenje ndi luzi, anakuwa msika wonse kuti a ku Ntcheu akukhwimira malonda. Palibe anayerekeza kumasula.

"Zinthu zanu izi. Ife ndife opemphera."

Achimwene amasula, alitembenuza uku ndi uku, alinunkhiza. Akuti silinatupe, ndasamala bwino.

Ndalilowetsa, laputopu yayaka. Masamba onse alimo, oti awamve ndiye palibe. Ndakhala pakhonde, ndikuwerengera amayi okha, iwo akusankha nyemba. Sakundikonza. Pa chala aseka. Pa kanjinga manja aima m'lichero.

Tsamba lachinayi, chaka chachisanu bambo ali ku migodi, thi. Theka lija latha. Magetsi sanabwere, ndipo ngakhale abwere, tchaja ya mtundu umenewu akuti mwina ku Lilongwe, achimwene akafufuza akamabwerera.

Ndapepesa kuti bambo ndawasiya m'mgodi, kwatsala masamba awiri kuti afike.

Amayi apitiriza kusankha nyemba. "Tseka, mwanawe. Kudikira bambo ako ndinazolowera."