Nsalu ya Amake Lusiya

Lolemba

Mpingo wathu wayamba chinthu chatsopano. Amayi tizitenga ana a ulumali wa mu ubongo kwa sabata imodzi kuti makolo awo apumeko. Ine andipatsa Lusiya wa kwa Kanduku, wa zaka khumi ndi ziwiri. Amake awauza kuchipatala kuti magazi akuthamanga kwambiri, akapanda kumagona mokwanira tsiku lina adzangogwa m'munda.

Zolinga zanga:
1. Amake agone.
2. Lusiya adziwe kuwerenga mpaka khumi. Ndaphunzitsa sitandade wani moyo wanga wonse, khumi si nkhani.

Amake afika naye, atanyamula jumbo. Muli madiresi awiri, kapu yabuluu ndi nsalu yakale yothetheka kumapeto. "Pogona muzimanga nsaluyi, aphunzitsi, uku dzanja lake, uku lanu. Amadzuka n'kumapita." Ndawauza kuti chitseko changa chili ndi loko. Nsalu ndawabwezera. Mwana si mbuzi!

Lachiwiri

Phunziro loyamba. Manachesi khumi patebulo. Akutola loyamba: "Limodzi." Wakhoza! Akutola lachiwiri: "Limodzi." Lachitatu: "Limodzi." Lililonse akulinunkhiza, akulitembenuza, akuliseka, ngati chibadwire sanaonepo nachesi, mwana wa ku Mwanza. Otsala patebulo: anayi.

Ndisanatsuke n'komwe mbale, amake ali pageti. Wapansi, mapiri onse aja! Akuti, "Ndimangodutsa." Kudutsa kupita kuti? Msewu umathera pakhomo panga. Maso ali psuu. Ndawabweza kuti akagone.

Lachitatu

Kumsika pa Boma kukagula sopo. Ndekha ndi ulendo wopita n'kubwera madzi asanawire. Lero tabwerako dzuwa litapendeka.

Lusiya akupereka moni kwa aliyense, chogwada, ndi manja awiri. Wogulitsa makala. Wakabaza. Wapolisi. Mbuzi ya eni ake. Dalaivala wa thiraki yopita ku Tete, chibambo chandevu, watsika dala kudzalandira moni wake, n'kuthokoza m'Chipwitikizi: "Obrigado, mwananga." Kenako bambo uja amagona padepoti, wa nsanza uja, amene tonse timamulambalala. Ndisanamukoke, Lusiya wamugwira kale dzanja. Bamboyo wadzuka, wakonza kolala, wati, "Ndili bwino, mayi, kaya inu." Sindinkadziwa kuti amayankhula!

Monizo ndinayamba kuziwerenga, koma penapake ndaiwala pamene ndinafika. Ine kuiwala nambala!

Tapeza amake atakhala pakhonde ndi chinangwa, ati mwana amachikonda. Lusiya sadya chinangwa.

Lachinayi

Ndadzuka m'mamawa, mphasa ili yokha. Loko ali bwinobwino. Zenera lili chitsegukire. Mtima myuu! Ndathamanga wopanda mpango kumutu, nkhalamba yonse ine, anthu akuona.

Ndamupeza kukhola la aneba akuimbira nkhuku nyimbo ya kutchalitchi, nkhuku zili chete kuposa mpingo wathu nthawi ya ulaliki.

Ndiye kuti amake akhala akugona ndi mantha amenewa usiku uliwonse, zaka khumi ndi ziwiri? Kwinaku akulima, akutunga madzi, akupita kuganyu? Ndatenga pensulo kuti ndichulukitse masikuwo. Ndaiika pansi.

Phunziro la lero: "Limodzi." Manachesi atha.

Lachisanu

Amake sanabwere m'mawa. Ndaomba m'manja ndekhandekha. Agona!

Sanagone. Masana abusa afika nawo panjinga, awapeza atakhala pansi pachitunda, akumva chizungulire. Ndawapatsa madzi. "Musandikalipire, aphunzitsi. Ndikangotseka maso dzanja likumapepuka, ndiye ndikumadzidzimuka kuti wapita. Chichokereni kuno Lolemba tulo sindinatione."

Nsalu ija adzimanga padzanja. Mbali inayo ili lende, yopanda munthu.

Tinakhala pansi amayi onse, tinapemphera, tinagawana ana bwinobwino, koma palibe amene anawafunsa kuti amagona bwanji. Mpumulo wathuwu watsala pang'ono kupha munthu.

Loweruka

Amake ndawasunga kuno. Usiku wonse akhala akukana bedi langa, ati ndi mwano kugona pamalo a munthu wamkulu. Masana ndawalamula ndi mawu a m'kalasi. Akwera, koma akungotembenuka.

Lusiya walowa. Watola mbali yolendewera ija, wadzimanga yekha padzanja, mfundo yokhotakhota, wakhala pansi pafupi ndi bedi. Ndisanatuluke m'chipinda, mkonono!

Mwana amene sabata yonse walephera kukhala pampando, wakhala osasuntha kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka nkhuku kulowa. Ntchentche yamutera pamphuno, waipirikitsa ndi dzanja linalo, lomangidwalo osaligwedeza. Amayi a mumpingo abwera kudzatiyendera, nyimbo atayambira kumsewu. Lusiya wangotukula chala pazenera: "Shii! Amama agona." Amayi asanu ndi atatu, ndi mayi busa omwe, abwerera monyang'ama.

Ndaima pakhomo nthawi yaitali, kumangoyang'ana. Akupumitsa mnzake ndani pamenepa? Ambuye, Inu!

Lamulungu

Lero ndi tsiku lobweza mwana kwawo. Sindikubweza aliyense. Amake adzuka kamodzi, amwa phala, agonanso. Kutchalitchi sindinapite, koyamba chimwalirireni bambo a m'nyumba muno.

Abusa akufuna lipoti. Nali:
Kuwerenga mpaka khumi: ayi.
Manachesi: palibe.
Bedi langa: ndaluza, sindikudziwa mpaka liti.
Msana wanga pamphasa: tisakambe.
Amake: akugona.

Ndamuyesa komaliza Lusiya, monong'ona, kuti m'nyumba muno tilimo angati. Waloza amake: "Mmodzi." Waloza ine: "Mmodzi." Wadzigwira pachifuwa: "Mmodzi."

Ndafunafuna polakwika, sindikupapeza. Ndamuchongera.