Mandasi a Chimodzimodzi

Lolemba
Ndatopa ndi anthu ogwiragwira mandasi anga. Munthu akufuna limodzi, koma afinya asanu kusaka lalikulu! Kuyambira mawa, pabenchi yanga pano pa Chilomoni, onse akhala saizi imodzi. Zida: kapu yodulira, lula yoyezera, katoni. Pakatonipo ndalemba: ONSE NDI CHIMODZIMODZI, OSASANKHA.

Lachiwiri
Ndikudula ndi kapu, onse bwinobwino. Kungowaponya m'mafuta, lililonse likufufuma mwakemwake. Lina latuluka ndi mchira. Okhota onse ndadya ndekha kuti asaoneke. Mimba!

Lachitatu
A Thomu, aphunzitsi opuma aja, aima pakatoni ndi magalasi awo. "Mayi, chimodzimodzi ndiye kuti palibe kusiyana ngakhale pang'ono. Awa ndi ofanana chabe. Ngakhale mapasa safika pamenepo." Akufotokoza mpaka tiyi wa anthu wazizira m'nyumba. Atchinga beseni. Sagula.

Lachinayi
Ndafufuta, ndalemba OFANANA. Mayi a Joyisi, kasitomala wanga wakalekale: "Ofanana ndi ati, a kwa Nabanda? Ndiye tizingogula konko, ndi pafupi." Nabanda! Munthu wokazingira mafuta a sabata yatha!

Lachisanu
Katoni yatsopano: NDENDENDE. Lero atulukadi bwino, ngati asilikali. Kondakitala wa minibasi wayang'ana nthawi yaitali. "Zoona, masteni, onse ndi aang'ono ndendende. Kale munthu umapezako lalikulu, tsiku n'kuyamba bwino." Wagula chinangwa. Beseni ndabwerera nalo lodzadza.

Loweruka
M'mawa: mandasi otsala. Masana: mandasi otsala. Ana asiya kundilankhula. Bambo awo akuti, "Chimodzimodzi uja wasamukira m'nyumba muno." A Thomu abweranso, ulendo uno ndi buku lamatanthauzo a mawu kukhwapa. Ndabisala kuseri kwa matumba a makala mpaka adutse.

Lamulungu
Kapu yabwerera ku tiyi. Ndaumba ndi manja: aakulu, aang'ono, amichira, lina ngati nsapato. Misa itangotha anthu ndi awo, unyinji, Mayi a Joyisi patsogolo. Ndawaikira foloko kuti asagwire ndi zala. Sakugwiradi. Akubaya lililonse, kulikweza m'mwamba, kuliyang'ana, kulibweza. Atsala ochepa chabe, ndipo onse ali ndi mabowo anayianayi. Chimodzimodzi. A Thomu sindiwauza.